Kapepala Kamene Ndinameza

"Chinthu chaulere chimakulemba dzina," ankatero mayi anga. Ndiye dzana, mdzukulu wanga Tadala atabwera ndi kapepala ka mpingo wina kamene anamupatsa pageti la sukulu kuno kutsidya kwa nyanja ku Girrawheen, ndinakanyamula ndi chopanira nyama n'kukapopera sanitaiza. Fungo la inki yonyowa linandibwezera ku Sitandade 2.

Kusukulu kwathu kunabwera azibambo awiri ovala mataye, a mpingo wachilendo, kudzagawa timapepala. Ahedi anawathamangitsa: "Ino ndi sukulu ya boma, kalalikireni kwanu!" Iwo anangoima kuseri kwa mpanda wa nkhadze n'kumati, "Pano ndi pamsewu, bwana."

Ine ndinalandira kamodzi chifukwa cha chithunzi cha mkango utagona ndi nkhosa. Mnzanga Esinati anati, "Iwe watha! Ukalandira ndiye kuti walowa. Lamlungu abwera kudzakutenga." Bambo anga anali mkulu wa mpingo, ndipo ankandisecha m'chikwama. Kutaya sindikanatha, poti munali dzina la Mulungu. Ndinangokatafuna konse, mkango ndi nkhosa yomwe. Kuwawa kwake ngati kwinini!

Lamlungu ndinabisala m'nkhokwe mpaka masana, koma palibe anabwera. M'mimba mutayamba kubwadamuka, ndinathamangira kwa bambo ndikulira: "Ababa, mpingo uja uli m'kati!" Anaseka mpaka kutsamwa, kenako anandimwetsa mafuta a nsatsi.

Lero ndikudziwa kuti azibambo a mataye aja anali ndi ufulu wogawa, ine wokana. Komabe poti kapepala kena kandilowera m'nyumba, inu abale muzibwera kudzandizonda, ngakhale pawindo mutavala masiki kuopa kutengera. Mukandipeza ndikuimba nyimbo zachilendo, mudziwe kuti mafuta aja sanagwire ntchito.