Mkamwini Wosamwa Thobwa

Tinanyamuka ku Tete m'mamawa, Natale, ndiye Khirisimasi, itayandikira, tili atatu: ine, amuna anga a Zakaliya, ndi mwana wathu Felista. Tinkapita kwa amayi anga, kumudzi wina kupitirira Malowera. Anzathu mu chapa, minibasi yakwathu, anali atapachika matumba a mpunga ndi makireti a refresko, zakumwa za m'mabotolo. Ife tinali ndi mazira owiritsa, nsomba zouma ndi mango, ngati anthu othawa kwawo.

Chifukwa chake n'chakuti m'nyengo yozizira a Zakaliya anagwa kuntchito, ndipo kuchipatala anawapeza ndi matenda a shuga. Kachilonda kakang'ono pachala chakuphazi kanatenga miyezi kuti kapole, mpaka anamwino anatchula zodula chalacho. Felista ndiye anafukula pafoni kadyedwe kotchedwa paleyo: nyama, nsomba, mazira, masamba ndi zipatso basi. Chimanga ayi, buledi ayi, shuga ayi, ngakhale nsinjiro. Ndinaseka mpaka kutsokomola, kuti anthu atulukira kudya ndiwo zokhazokha n'kuzipatsa dzina. Koma tinalowamo tonse, chifukwa munthu sangamatafune bonongwe anzake akumeza mbamu pamaso pake.

Vuto linali limodzi. Amayi sankadziwa kanthu. A Zakaliya anandiletsa kutumiza uthenga, ati safuna kumudzi azikamba kuti mkamwini watha. Ndipo chikwatirane, sanakanepo chilichonse chochokera m'manja mwa apongozi awo.

Tinalipira mametikali mazana asanu ndi limodzi pamutu, n'kuwoloka Zambezi dzuwa likutuluka. Pa Bene, pomwe msewu wa ku Fingoe umapatukira, chapa inazingidwa ndi ogulitsa. Mayi wina wonenepa amene anandikhalira theka la ntchafu njira yonse anagula pau, buledi wathu uja, n'kunyemera amuna anga.

"Zikomo mayi, sindidya," iwo anatero, maso ali pa bulediyo.

"Simudya pau? Mpingo wanji umenewo?"

"Mpingo wa mwana wangayu," anayankha akuloza Felista. Chapa yonse inaseka, Felista n'kuwasendera dzira.

Kuchoka pamenepo msewu unayamba kutipeta ngati mphale. Tinafika pa Fingoe madzulo, msika uli thithithi ndi okumba golide ogula malaya atsopano a festa, chikondwerero cha Natale, wayilesi iliyonse ikukuwa nyimbo yake. Tinagona kwa msuweni wanga. Mkazi wake ataona tikudya nkhuku ndi chisoso chokha, anandikokera kukhitchini kukandifunsa ngati takwiya.

Kutacha tinakwera lole ya ku Malowera, pamwamba pa matumba a feteleza. Mvula inali itagwa, ndipo pakamtsinje kena lole inatitimira. Amuna onse anavula nsapato kukakankha. A Zakaliya atayamba kumasula zingwe, ndinawaponda mwendo.

"Phazi limenelo lisakhudze matope."

"Anthu andiona bwanji, amake Felista?"

"Akuonani muli ndi zala zonse."

Anakhala pansi pakati pa ife azimayi, manyazi atawagwira, ndipo ndinawamvera chisoni. Mwamuna ameneyu sakonda kuoneka wopepuka.

Kuchokera pa Malowera tinayenda wapansi, katundu atatsogola panjinga yaganyu. Minda inali itabiriwira. Tisanafike n'komwe, amayi anatulukira akululutira, atachepa thupi kuposa momwe ndinawasiyira. Anandigwira masaya, anamuvinira Felista, koma mkamwini wawo anangomuwombera m'manja ali chapatali, nkhope atayang'ana kumbali. Kwathu ndi momwemo: mpongozi ndi mkamwini sayang'anana, ndipo mawu awo amadutsa mwa munthu wina.

Anansi anasonkhana pansi pa mtengo wa mango. Pakati pawo panali azakhali anga, alongo awo a malemu bambo. Chimwalirire bambo, amene anadwala mowonda pang'onopang'ono popanda wodziwa chifukwa, azakhaliwo sanalawepo chakudya cha amayi. Sananene mawu oti ufiti, koma mudzi wonse unawamva.

Ndiye amayi anatulutsa thobwa. Anali atalikonza kwa masiku, chimera chawochawo, shuga wosaumira. Anatunga chikho choyamba, n'kundipatsa nditagwada kuti ndipereke kwa mkamwini.

"Amayi," ndinatero chapansipansi, "masiku ano sakumwa thobwa."

Amayi anayang'ana chikhocho, kenako n'kuyang'ana azakhali. Anachitenga m'manja mwanga, anamwako kawiri pamaso pa onse, n'kupukuta mlomo wa chikho ndi chitenje. Kwathu munthu akatero ndiye kuti akunena kuti mulibe mankhwala. Mtima wanga unasweka kuona mayi wondibereka akudziyeretsa pamaso pa ana ake.

A Zakaliya anadzuka, analandira chikhocho ndi manja awiri, n'kuyamba kuchikweza. Ndikuwadziwa bwino. Akanamwa chonse, n'kupempha china, ndiponso mawa lake ndi mkuja, mpaka ndowa itatha.

Ndinawagwira dzanja. "Mundikhululukire, bambo a Felista, ndinena." Ndipo ndinanena zonse mokweza: za kugwa kuntchito, za chala, za ludzu losatha, za kudzuka kukataya madzi kosalekeza, za thupi lomwe linkangotha munthu akudya bwinobwino.

Amayi anatembenuka. Kwa nthawi yoyamba chikwatiwire ine, anawayang'ana amuna anga m'maso n'kuwalankhula okha.

"Bambo, pomwe mwatayira madzi, nyerere zimabwera?"

"Zinkabwera, amayi."

"Maso kuchita chifunga?"

"Eya."

Amayi anakhala pansi padothi. "Ndi momwe ankachitira abambo ake a uyu. Ndendende. Ine kuona akuwonda, ndimvekere apeze mphamvu. Ndinagulitsa mbuzi kugula shuga. M'mawa thobwa, masana thobwa."

Felista anayamba kufotokoza kuti popanda kupima sitingatsimikize, koma bambo ake anakweza dzanja kumuletsa. Anagwada patsogolo pa apongozi awo, chikho chikadali m'manja.

"Simunadziwe, amayi. Ifenso a m'tauni, chipatala chili pakhomo, sitinkadziwa. Munawapatsa chomwe munali nacho chabwino koposa."

Amayi anatambasula manja n'kuwalanda chikhocho. "Ichi ayi. Pakhomo panga simumwa ichi." Thobwalo anagawira anansi. Azakhali anadzuka osalawa, n'kumapita kwawo.

Pa tsiku la Natale amayi analawirira kuthengo n'kubwera ndi lichero la bowa. Anawotcha nkhuku, anakazinga ngumbi, anaphika nkhwani wopanda nsinjiro uku akudandaula kuti ichi n'chakudya cha chaka cha njala, osati cha festa. Komabe anadya nafe chomwecho, dzanja lawo likumapita lokha pomwe pamakhala mbale ya nsima, n'kubwerera.

Njira yonse ndinkaopa kuti kukana kwathu kuwapweteka. Sindinadziwe kuti chomwe chinkawadya zaka zonsezi n'kusowa dzina la chimene chinatenga amuna awo.

Titatha kudya, amayi anapatula ntchafu ya nkhuku ndi bowa m'kambale, anavindikira, n'kuitana Felista.

"Kapereke kwa azakhali a amako. Akakana, usakakamize. Koma ukawauze dzina la matenda aja, ulitchule bwinobwino, pang'onopang'ono, kuti alimve."

Felista anapita. Amayi anaima pakhomo osakhala pansi, maso ali kunjira, mpaka anamuona akubwerera. Mbale inali yopanda kanthu.