Paipi Yonunkha Kachasu

Telmo anabadwira ku Lione, m'banja lolima mbatata ndi nyemba, koma iye ndi khasu sankamvana. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anakwera lole n'kupita ku Tete, kumene dzuwa limatopetsa ngakhale mbuzi. Kumeneko anakhala zaka makumi awiri ndi zitatu akugwira ntchito imodzi yokha, yoika makina oziziritsa nyumba. Anaphunzira kupinda paipi ya mkuwa osaifinya, kukuza kamwa lake kuti gasi asathawe polumikizira, kuiveka chofunda chakuda cha siponji, ndi kukoka mpweya wonse m'kati mwake ndi pampu yotchedwa bomba asanatsegule gasi. Lamulo lalikulu pa zonsezi linali lakuti m'paipi musalowe madzi kapena chitsotso, ngakhale kadontho.

Mkazi wake Eugénia atatopa ndi thukuta, banja linabwerera kwawo n'kukakhazikika ku Lichinga. Choncho munthu amene anathera unyamata wake akuphunzira kupanga chisanu anadzakhala m'tauni imene chisanu chimabwera chokha, anthu n'kumagona atavala majekete. Anatsegula kashedi ku Sanjala, dera lina la m'tauniyo, n'kumakonza mafiriji a ogulitsa nsomba. Anthu ankamutcha Mesitiri, monga amatchulira mmisiri aliyense, ngakhale wosoka nsapato, ndipo zimenezi zinkamuwawa. Kawirikawiri ankanena kuti, "Palibe makina amene ndinaika ine n'kufa." Panalibe womutsutsa, poti makina onsewo anali ku Tete.

Chaka chachisanu ndi chinayi chibwerereni, mu Juni, kunabwera Alcides. Ameneyu anali mwana wa ku Chimbonila amene analemera ndi malonda a mbatata n'kumanga nyumba yaikulu ku Sanjala komweko. Anali atagula ku Nampula makina a mtundu wina, amene nthawi yotentha amaziziritsa, koma nthawi yozizira amatembenuka n'kumatenthetsa nyumba. Ankafuna aikidwe m'chipinda cha amayi ake, a Genoveva, amene mawondo ankawavuta kukazizira.

Telmo anaona kuti nthawi yake yakwana. Makina amenewa akayenda bwino, Lichinga yonse idzaona ndi maso chimene iye wakhala akungonena pakamwa. Dzina lake linali pa ntchito imeneyi.

Lolemba anaboola khoma n'kupachika chigawo cha m'nyumba. Chitsulo chokhazikapo chigawo chapanja chinali chidakali kwa wowotcherera, ndiye anayenera kudikira masiku atatu. Mkombero wa paipi ya mkuwa anausiya m'chipinda chosungira katundu, mbali zonse ziwiri zili zotseka ndi tizivindikiro take.

"Iyi isakhudzidwe," anauza a m'nyumbamo. Onse anavomera mwaulemu.

Lachinayi m'mawa anaipeza pamalo pomwepo, yokulungidwa bwino kuposa mmene anaisiyira, ikuwala ngati yapukutidwa. Anachotsa kachivindikiro n'kuika mphuno. Ananunkhizanso kachiwiri. Kenaka anainyamula n'kupita nayo pakhonde, pamene a Genoveva anakhala pamphasa akusankha nyemba.

"Amayi, paipi iyi inapita kuti?"

"Ili ndi miyendo, Mesitiri?"

"Ikununkha kachasu."

"Mphuno yanu ndi yakuthwa. Mumalawako?"

"Sindimwa. Ndafunsa kuti inapita kuti."

A Genoveva anapitiriza kusankha nyemba zawo. Mayi ameneyu analera ana asanu ndi kutcheza kachasu, ndipo Alcides anamangira nyumbayo mpanda wautali kuti anthu aiwale zimenezo. Amayi ake okha ndiwo sanaiwale. Mbiya yawo inali kuseri kwa khola la nkhuku.

"Paipi yanga yakale inabooka," anatero pomaliza. "Yanuyi imangogona. Ndaibwereka tsiku limodzi lokha. Ndipo ndikuuzeni, mwana wanga, chibadwire sindinaone paipi yotcheza bwino chonchi. Koma musade nkhawa, ine si mayi wauve. Ndaitsuka katatu, ndi madzi otentha, ndi sopo, ndi phulusa."

Telmo anakhala pansi pa sitepe. Kachasu yekha akanamudandaulitsa pang'ono. Ukhondowo ndi umene unamumaliza.

Alcides anafika ndi galimoto yake nkhani ili pakati. Atamva, anayang'ana kaye kumpanda, kumene amisiri awiri opaka penti anali atasiya ntchito kuti amve bwino.

"Amayi, tinagwirizana chiyani?"

"Unagwirizana wekha, iwe Alcides. Ine ndinangokhala chete."

Alcides anakokera Telmo pambali n'kutsitsa mawu. "Mesitiri, Loweruka pano pali festa, phwando lalikulu. Ndaitana anthu kuti adzaone makinawa. Muli ndi bomba lanu lija, si lokokera zoterezi?"

"Bomba limakoka mpweya ndi chinyontho, bwana. Silikoka sopo. Silikoka phulusa. Mankhwala otsukira m'kati mwa paipi ndilibe. Itanitsani paipi ina ku Nampula, sabata imodzi ifika."

"Sabata! Nanga ndikawauza chiyani alendo? Kuti amayi anga anatchezera kachasu m'makina?"

"Auzeni kuti paipi sinafike."

"Ikani yomweyi, Mesitiri. Mukaiveka siponji yanu ija adzadziwa ndani?"

Tisamunamizire Telmo kuti sanayesedwe. Ankadziwa kuti akaika, makina ayenda Loweruka, alendo aombera m'manja, dzina lake limveka mpaka ku maofesi. Zonyansazo zimadya injini pang'onopang'ono. Ikadzafa patapita miyezi, akanatha kunena kuti ndi magetsi, poti magetsi sayankha. Anaona amisiri ambiri akuchita zimenezo ku Tete, ndipo ena mwa iwo anali ndi magalimoto. Anatembenuza paipiyo m'manja. Kadontho kotuwa kanatuluka n'kugwera pa nsapato yake.

"Sindiika," anatero.

"Ndiye ndipeza wina."

Apa m'pamene Telmo analakwitsa. Akanangonyamula zida zake n'kumapita. Koma anaimirira pakati pa bwalo n'kunena mokweza, opaka penti akumva, mayi wa nyumba yoyandikana akumva: "Mukaika paipi imeneyi, makinawa saona mvula ya chaka chino!"

"Pitani bwino, Mesitiri," anatero a Genoveva. "Munthu wosamwa amakwiya msanga."

Tsiku lomwelo Alcides anabweretsa bambo wina wa kumsika amene ntchito yake yeniyeni inali yoika madishi a kanema. Ameneyu analibe bomba ndipo sananunkhize kanthu. Anapinda paipi pabondo, anamanga manati, anatsegula gasi, maola awiri ntchito yatha. Loweruka alendo anadzaza m'chipinda cha a Genoveva n'kuvula majekete pakati pa Juni. Ena anatuluka thukuta ndipo ananyadira thukutalo.

Nkhani inayenda Sanjala yense. Ankati Mesitiri wa ku Tete, wa zaka makumi awiri uja, wagonja kwa woika madishi, ndipo pochoka watukwana nkhalamba. Ngakhale mafiriji a nsomba anayamba kupita kwina. Telmo ankakhala pakhomo la shedi yake akupukuta zida zoyera kale. Eugénia anamufunsa kamodzi kokha ngati mphuno yakeyo ikanalephera kugwidwa ndi chimfine tsiku limenelo.

Makina anayenda Julayi. Anayenda Ogasiti ndi Sepitembala. Telmo akadutsa kunja kwa mpanda uja ankachepetsa liwiro la njinga n'kutchera khutu, ndipo ankachita manyazi kuti iye, mmisiri, akudikira imfa ya makina. Mu Okutobala kutatentha a m'nyumbamo anawatembenuza kuti aziziziritsa. Mu Novembala, mitambo itayamba kusonkhana kumapiri, injini inalira ngati chigayo chopanda chimanga n'kuima. Patapita masiku anayi mvula yoyamba inagwa.

Telmo anameta ndevu, anavala malaya oyera, n'kudikira kuti anthu abwere kudzavomera kuti ankadziwa ntchito yake. Anabweradi. Koma palibe ndi mmodzi yemwe anatchula sopo kapena phulusa. Chimene anthu anakumbukira chinali chakuti munthu anaimirira pabwalo, anatchula mvula, ndipo makina anamvera. Anati anawatemberera. Ena anawonjeza kuti zaka zonse zija ku Tete sankaphunzira mapaipi okha.

Chichokereni nthawi imeneyo ntchito siimusowa. Aliyense wogula makina oterewa amaitana Telmo, poopa kuti akaitana wina iye amva n'kunenapo mawu. Akasiya paipi m'nyumba ya munthu, ana amaletsedwa kudutsa pafupi. Akayatsa bomba n'kukhala ola lathunthu akuyang'ana singano ya geji yoyezera mpweya, palibe womufulumizitsa. Amamubweretsera mpando ndi tiyi.

Mwezi wathawu anali kwa a Assane, ogulitsa nsalu. Bomba likulira, Telmo anayesanso kufotokoza, monga amachitira kulikonse.

"Che Assane, mvetsani. Palibe zamatsenga apa. Madzi akasakanikirana ndi mafuta a injini amasanduka asidi, asidiyo amadya waya wa m'kati. Basi. Aliyense angaphunzire."

"Inde, Mesitiri. Madzi," anavomera a Assane, akugwedeza mutu mwamphamvu.

"Ndi phulusa limatseka njira ya gasi."

"Phulusa, eya, zoona." Anasendeza mbale ya mandasi pafupi ndi Telmo, anayang'ana kukhomo, n'kufunsa chapansipansi: "Koma ife sitinakulakwireni chilichonse, eti Mesitiri? Tiyi ali bwino?"

Telmo anawayang'ana kwa kanthawi, anayang'ananso singano yake. Inali isanafike pamene imafunika.

"Tiyi ali bwino," anatero. "Tidikire."