Mbali Yakumanja ya Ndege

Apongozi anga aamuna anakwera ndege kawiri kokha m'moyo wawo: popita ku migodi ya ku Joni ndi pobwerako. Koma anatha zaka zambiri akupanga ndege kumudzi kwa mkazi wanga, chakumadzulo kwa msika wa Mitundu. Zinali ndege zazing'ono za chiwale, ndipo sizinkauluka. Ana akawafunsa chifukwa chake, ankayankha kuti iwo sapanga zidole.

Ndinakwatira mwana wawo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndili mtolankhani ku Lilongwe. Loweruka ndinkakwera basi kupita kumudzi. Mkamwini amayenera kugwira khasu, ndipo ndinkaligwiradi, koma apongozi ataona matuza m'manja mwanga anandipatsa ntchito ina: kuwabweretsera mafilimu owonongeka a kuofesi. Ankawapala mpaka ayere mbee, n'kudula mawindo a ndege.

Ntchitoyi inkayamba fodya akagulitsidwa, chigafa chikatsala chopanda kanthu. Chiwale ankakachidula m'madambo a kufupi ndi Dzalanyama. Chikauma ankachisenda khungu lolimba lija, n'kutsala ndi cham'kati, chofewa ndi chopepuka, chodulika ndi lezala. Misomali sankagwiritsa ntchito. Ankasongola tizipande ta khungu lomwelo n'kulumikizira zidutswa. Matayala anali a patapata wakutha, zopukusa mphepo za pa injini zinali za chitini cha mkaka. Thupi lonse ankalikuta ndi pepala lonyezimira la m'mapaketi a ndudu, ngakhale iwo sankasuta. Asanalimate, ankalidinda kumbuyo ndi singano yobuntha, kadontho ndi kadontho, kuti pamwamba paoneke mizere ya timisomali ngati ya pa ndege yeniyeni. Phiko limodzi linkawatengera mwezi wathunthu.

Muyeso wawo unali mtengo wa machesi. "Munthu ndi uyu," ankatero, atauimika pambali pa tayala. Pakhomo la ndege analowa atawerama pang'ono, ndiye chitseko chinayenera kuchepera mtengo wa machesi pang'ono. Ataima pansi pa injini, mutu wawo sunafike, ndiye injini inayenera kukhala pamwamba pa mutu wa machesiwo. Motero ndege yonse inatuluka yotalika ngati kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya zala, mapiko kupitirira pamenepo.

Ndege zina, zimene ankaziona zikudutsa m'mwamba, ankazimaliza n'kupatsa aphunzitsi kapena eni magolosale. Koma inalipo imodzi imene sinkatha. Inali ndege yomwe inawatengera ku Joni, ya mainjini awiri, yoima mphuno m'mwamba, mchira uli pa kagudumu kakang'ono. Mbali yake yakumanzere inali yomalizidwa mpaka chogwirira cha chitseko. Mbali yakumanja inali chiwale chokhachokha, chopanda windo ngakhale limodzi.

Nditawafunsa, anati: "Kumanja sindinaoneko. Anatifoletsa kumanzere, tinakwerera kumanzere, tinatsikiranso kumanzere."

"Bambo, mbali zonse n'zofanana," ndinatero. "Zili ngati ng'ombe."

"Akamwini, munaonapo ng'ombe ya chitseko mbali imodzi?"

Ndinalonjeza kuwapezera chithunzi. Ndinkaona ngati n'zosavuta, popeza kuofesi kwathu kunali makatoni a zithunzi za ndege. Ndinazisanthula zonse. Zonse zinali za mbali yakumanzere. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: akuluakulu amatsikira kumanzere, ndipo wojambula amaima kumene akuluakulu akutsikira. Zopita ndekha ku bwalo la ndege ndi kamera sindinaganizeko. Masiku amenewo munthu wojambula ndege ankakayankha mafunso kumalo kumene anthu sabwerako msanga. Komanso ndege zonyamula anthu a kumigodi zinali zitasiya kale kubwera.

Nditabwerera chimanjamanja, yankho linachokera kwa apongozi aakazi. Iwo ndi ine sitinkayang'anizana polankhula, monga mwa mwambo. Akafuna kuti ndimve kanthu, ankauza amuna awo mokweza ali kuseri kwa mpanda. Tsiku limenelo anati: "Mukuvutitsiranji mwana wa eni? Amene anaona mbali inayo alipo, ali ku Nathenje. Njira mukuidziwa."

Apongozi aamuna anapukuta lezala, n'kuliika m'kabokosi ka machesi, n'kupita kukaona mbuzi.

Nkhani yake anandiuza ndi mkazi wanga. Apongozi sanapite okha ku Joni. Anapita ndi mng'ono wawo, amene anakwatira ku Nathenje, ndipo nkhoswe ya banja limenelo anali iwo omwe. Mkazi wa mng'onoyo anawaperekeza mpaka ku bwalo lakale la ndege ku Lilongwe, mwana ali kumsana. Operekeza sankaloledwa kulowa, ndiye iye anakaima ku waya, kutsidya la bwalo, kumbali ya msewu. Nthawi ya ntchito itatha, apongozi anabwerako ndi njinga, bulangete ndi sutikesi. Mng'ono wawo anatsala, atapeza mkazi wina konko. Apongozi anangotumiza uthenga ku Nathenje wakuti mng'ono wawo abwera chaka chamawa. Iwo eni sanapondekonso. Mwana amene anali kumsana uja tsopano anali kumaliza sukulu ya pulaimale.

Panapita miyezi iwiri osatchulanso za ndegeyo. Ankakhala m'chigafa akuitembenuza, kuyang'ana mbali yoyera ija, n'kuibwezera pa thandala. Mitambo itayamba kusonkhana chakumapeto kwa Okutobala, anandiuza kuti ndipope njinga ziwiri.

Ndegeyo tinaiika m'dengu, titazula mapiko, n'kuphimba ndi chitenje. Tinadzera njira zafumbi, phiri la Bunda likuoneka chapatali, minda yonse ili yogaulidwa kudikira mvula. Pamsika wina anyamata a chipani anatiimitsa kufuna makhadi. Tinawaonetsa. Mmodzi anafunsa za m'dengu. Apongozi anati ndi nkhuku yodwala, ndipo mnyamatayo anafutukira kumbuyo.

Tinafika ku Nathenje dzuwa lili pamutu. Mayiwo, mkazi wa mng'ono wawo uja, tinawapeza pakhonde akuswa mtedza. Anali aafupi, a imvi m'mbali mwa duku. Anatiyang'ana nthawi yaitali tikutsamiritsa njinga pamtengo wa mango.

"Alamu," anatero. "Ine ndimayesa munamwalira, angondibisira maliro."

"Ndilipo, alamu."

"Mwakalamba bwanji. Kodi akazi anu sakupatsani chakudya? Nanga awa ndani, mwabwera ndi apolisi?"

"Ndi akamwini. Amalemba nyuzi."

"Akhale pansi, asalembe kanthu."

Anatiyalira mphasa, natipatsa madzi. Atafunsana za odwala ndi za fodya, apongozi anavundukula dengu, n'kulumikiza mapiko, n'kuimika ndegeyo pamphasa, mbali yomalizidwa ikuyang'ana kwa mayiwo.

"Yokongola," anatero mayiwo. "Koma iyi sindikuidziwa."

Apongozi anaitembenuza. Mayiwo anaika lichero pansi, n'kusendera pafupi.

"Mbali yanga ndi iyi. Mwaisiyiranji maliseche?"

"Sindinaione. Ndabwera kuti mundiuze."

"Zaka zonsezi, mwabwerera zimenezi?"

Apongozi anayang'ana pansi. Mayiwo anatola kakhoko ka mtedza n'kuyamba kuloza pachiwalepo. Anati mawindo anayambira apa, pafupi ndi phiko, mpaka apa, kupitirira pamene mbali inayo pali chitseko. Kuseri kwa injini, pamwamba pa phiko, panali mzere wakuda ngati mwaye. Pafupi ndi mchira panali chigamba cha chitsulo chosiyana mtundu ndi chinzake, chotuwa. Zilembo zinalipo, koma iwo sadziwa kuwerenga, ndipo sangafune kunama. Apongozi ankadinda malo onsewa ndi singano yobuntha ija.

"Nanga chitseko?" anafunsa.

"Kulibe chitseko kuno. Ndinayang'ana kuyambira kumphuno mpaka kumchira, nthawi yonse imene inaima ikulira. Ndinkati mwina mng'ono wanu akasintha maganizo atulukira mbali yanga." Anakhudza pafupi ndi mchira. "Pawindo ili panali chipewa chake."

"Ankakutsazikani, alamu."

"Bodza. Ankatseka windo kuti asaone pansi. Munthu amene ankawoloka mlatho wamitengo chokwawa?"

Apongozi anaseka mpaka kutsokomola. Anavomera kuti chipewacho sichinachoke pawindo mpaka ndege itatera, ndipo mwini wake anali atatsinzina njira yonse, akuimba nyimbo ya kutchalitchi imene sankaidziwa bwino. Mayiwo anaseka nawo, n'kupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Kenako anatenganso lichero.

"Mkazi wake wa ku Joniyo ndi wamtali?"

Ndinaona dzanja la apongozi litaima, singano ili m'mwamba.

"Ndi wamtali," anatero.

"Ndinamva. Bambo wina wa ku Nkhoma, amene munabwera naye ndege imodzi, anandiuza chaka chomwecho. Koma mawu a m'njira sathetsa banja, alamu. Nkhoswe ndinu. Amuna awiri anabwera kudzandifunsira, wina wa ngolo yake. Achimwene anga anawabweza onse. Ankati akuchimuna sananene kanthu, ndipo uthenga wawo ndi wakuti mwini wake abwera chaka chamawa."

Kumsewu kunadutsa lole yopita ku Dedza, ndipo tinaimva mpaka itazimiririka.

"Achimwene anuwo alipo?" anafunsa apongozi.

"Ali kudimba."

"Atumireni mwana."

Mkuluyo anabwera mapazi ali matope, ndi mayi wina wachikulire wa pabanjapo. Ine ndinafuna kuchoka, koma anati ndikhale, mboni sichuluka. Apongozi anavula chipewa, nalankhula mawu ochepa. Anati mng'ono wawo ali moyo monga anamusiyira, ali ndi banja lina, ndipo sadzabwera. Anati iwo monga nkhoswe akumasula mlamu wawo, ndipo kuchedwa konseku ndi kwawo, osati kwa wina aliyense. Mkuluyo anati wamva, ndipo mawu amenewa akanabwera kale akanathandiza kwambiri, koma abwera. Anaomba m'manja pang'onopang'ono, ife n'kutsatira.

"Tsopano andikwatire ndani, mano atayamba kugwedera?" anatero mayiwo. "Kapena inu nomwe, alamu?"

"Ine ndili ndi ndege yoti ndimalize."

"Mukaimalize. Koma musaisiye pano. Imodzi ija inandikwana."

Anatimangira mtedza m'kansalu, ndipo tinabwerera ku Mitundu dzuwa likupendeka, mphepo ikununkhira mvula. Apongozi anapalasa patsogolo njira yonse mpaka pa dambo lomaliza, pamene anatembenuka n'kundifunsa ngati kuofesi kukadali mafilimu owonongeka.

Chaka chimenecho sanaigwire ndegeyo, chifukwa mvula inagwa ndipo chigafa chinadzazanso fodya. Anaimaliza chilimwe chotsatira. Mwaye wa paphiko anaupaka ndi mwaye weniweni wa nyali ya koloboyi. Chigamba anadula ku pepala la ndudu lomwe lija, n'kulitembenuza kuti lisanyezimire. Malo a zilembo anawasiya opanda kanthu. Chipewa anachisema ku kachidutswa ka chiwale kochepera njere ya chimanga, n'kuchimata kuseri kwa filimu.

Mayi a ku Nathenje anabwera ku Mitundu tsiku lina la msika, ndi mwana wawo uja, mtsikana wamtali kuposa amake. Atagulitsa mtedza anapatukira kwathu. Anaiyang'ana ndegeyo ili pa thandala, mbali yakumanja ikuyang'ana kukhomo, n'kuonetsa mtsikanayo windo la chipewa.

"Chigambachi mwachiika kutsogolo kwambiri," anatero. "Chinali kufupi ndi mchira."

Apongozi anatulutsa lezala m'kabokosi ka machesi, n'kuyamba kuchimatula mosamala, kuyambira pangodya.