Kagudumu ka Bogi Yakufa

Pawindo la kukhitchini kwanga pali kagudumu kachitsulo, kakukula ngati chikhatho cha munthu wamkulu, kolemera kuposa mmene kamaonekera. M'mphepete mwake muli kangalande kozungulira, ndipo m'menemo munkadutsa chingwe cha pachitsime chathu. Ana anga amakatenga n'kumakhomera misomali. Ndimawakalipira, koma sindinawauzepo kuti kanachoka pa chitseko cha bogi ya sitima.

Chaka chimene kanabwera kwathu ndinali mu Sitandade 4. Tinkakhala kuboma, kuseri kwa siteshoni, ine, amayi ndi amalume. Bambo anali ku esiteti ya fodya kutsidya kwa malire, ndipo tinkangowaona pa Khirisimasi. Amene ankatidyetsa anali amalume. Ntchito yawo inali yotsitsa katundu m'mabogi, koma anzawo ankawalemekeza chifukwa cha zitseko. Chitseko chikakanirira, ankaitana iwo.

Chitseko cha bogi sichitseguka ngati cha nyumba. Chimalendewera pa timagudumu tiwiri toyenda pa kanjanji kapamwamba, ndipo zonsezo zimabisika kunsi kwa lata lotchinga mvula. Chikakhala chotseka, mpiringidzo wachitsulo umachimanga zolimba ku bogiyo. Ukamasula mpiringidzo, kulemera konse kumatsalira timagudumu tija, ndiye umachikankhira cham'mbali. Bogi iliyonse imakhala ndi zitseko ziwiri, china mbali ino, china mbali inayo. Amalume ankakonda kundiuza kuti, "Chitsekochi n'cholemera ngati ng'ombe, koma ngakhale iwe ungachikankhe ndi chala, bola chikhale ndi miyendo yake yonse iwiri."

Kumapeto kwa njanji yapambali kunali bogi imene inakhala osasuntha kwa zaka zitatu. Udzu unamera mpaka m'mateyala, mavu anamanga pansi pa denga, dzimbiri linkatsalira m'manja ukaigwira. Aliyense ankaitcha bogi yakufa. Ife ana tinkachitira masanje mumthunzi wake, ndipo ine ndinajambulapo ndi msomali nkhuku ya miyendo itatu, chifukwa mwendo woyamba ndinaulakwitsa.

Mu Okutobala madzi a m'chitsime chathu anatsikira pansi kwambiri. Amayi anali ndi vuto la msana kuyambira pamene ndinabadwa ine. Ndimakumbukira phokoso la ndowa ikukhula khoma la chitsime, amayi atawerama, chingwe chikuwacheka m'manja, kenako akukhala pansi atagwira m'chiuno. Amalume anaziyang'ana zimenezi masiku angapo. Lamulungu lina masana anatenga sipanala ndi chitsulo chachitali chotukulira, ndipo anabwera ndi kanthu kokulunga m'chiguduli. Anazika mitengo iwiri, anapingasa wachitatu pamwamba, napachikapo kagudumu kaja. Amayi atafunsa kumene kachokera, iwo anangoseka nati, "Wakufa safunanso miyendo."

Ndowa inayamba kukwera ngati mulibe madzi. Amayi ankatunga ali chilili, akuimba nyimbo za kwaya. Ine ndinkalimbirana nawo chingwe, ine yemwe kale ndinkathawa ndikangomva za madzi. Ndikunena mosabisa: sindinaonepo amayi ali osangalala ngati m'masabata amenewo, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero ndimalephera kuwatcha amalume wakuba.

Mbiri inafika kusukulu. Aphunzitsi anatitenga kalasi yonse kudzaona chitsime chathu, kuti tiphunzire mmene gudumu limapeputsira katundu. Ndinadzimva ngati mwana wa DC. Atafunsa kuti kachitsulo kokongola chonchi tinakapeza kuti, ndinayankha mokweza kuti, "Pa bogi yakufa!" Aphunzitsi anatsokomola n'kuyamba kufotokoza za chingwe. Anzanga atapita, amayi ananditsina khutu nati, "Pakamwa pakopa padzatimangitsa."

Mitambo itayamba kusonkhana, nyengo ya feteleza inafika, ndipo mabogi anachepa. M'mawa wina injini inabwerera chambuyo mu njanji yapambali, udzu ukugona pansi pake, n'kukoka bogi yakufa. Inalira kwiii ngati nkhumba. Ana tinaithamangira tikukuwa kuti yauka, yauka! Nditacheuka ndinaona amalume ataima pakati pa njanji, manja ali pamutu.

Tsiku lomwelo anachotsa kagudumu pachitsime. Anakaika m'chikwama chawo cha kuntchito pamodzi ndi sipanala, ndipo ankayenda nako tsiku ndi tsiku, kudikira kuti bogiyo ikabwera yopanda katundu akabwezeretse mwakachetechete. Amayi anabwerera ku chingwe cha m'manja. Ine ndinanyanyala, ndinakana ngakhale kuwapatsa moni amalume.

Panopa ndimadziwa chimene chinkawadya. Kwinakwake, ku Lilongwe kapena kupitirira, munthu wosadziwa kanthu akanatha kumasula mpiringidzo wa chitseko cha mwendo umodzi. Sitima iliyonse ikafika, amalume ankayenda kuyambira kumutu mpaka kumchira akuyang'ana mabogi, kenako ankafunsa oyendetsa ngati kumene achokera kuli bwino. Anaonda moti lamba anamuboola bowo lina. Ndinamvapo amayi akuwadandaulira kuseri kwa nkhokwe kuti, "Achimwene, ingokanenani." Iwo anati, "Ndikanene kuti ndinaba chitsulo cha njanji? Akakanditsekera, iwe ndi mwanayu mudya chiyani?" Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuwaweruza pa yankho limenelo. Masiku ena ndimati analakwa, akanangonena. Masiku ena ndimakumbukira kuti pakamwa pamene ankaopera kuti pagona ndi njala panali panga.

Bogi ija inabwera mu Disembala, Loweruka, mvula itagwa masiku atatu osakata. Pasiteshoni panali podzaza. Malole anali pamzere, alimi ochokera ku Ludzi ndi kwa Mlonyeni atabwera ndi ngolo zawo, chimanga kumunda chikuchita chikasu podikira feteleza. Ine ndinali ndi anzanga, tanyamula timapepala totolera feteleza wotayika. Ndiye pa bogi yachinayi ndinaona nkhuku yanga ya miyendo itatu.

Ndinathamanga mosangalala. Mulungu andikhululukire, ndinathamanga ndikudumpha zithaphwi. Amalume anali pansi pa mtengo akudya bango, ndipo ndinawakuwira ndili patali kuti, "Amalume, bogi yathu ija yabwera!" Bango lija linagwera m'matope.

Bogiyo inali yodzaza mpaka kudenga. Kumene inachokera anapakira kudzera pa chitseko chabwino, koma kwathu kuno chitseko chimenecho chinayang'ana kungalande yodzaza madzi, kumene lole singafike. Choyang'ana kwa ife chinali cholumala chija, mpiringidzo wake udakali ndi dzimbiri lakalekale. Kuti kagudumu kabwerere pamalo pake pankafunika bogi yopanda katundu, makwerero ndi amuna anayi otukula chitseko. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chikanachitika mobisa.

Amalume anapita kwa kapitawo wa otsitsa katundu, nati chitsekocho sichili bwino, ndi bwino atsegule cha mbali inayo n'kumadutsa ndi matumba m'madzi. Alimi anayamba kung'ung'udza, poti feteleza akanyowa watha ntchito. Kapitawo anayang'ana kumwamba, kumene lata linabisa zonse, nafunsa kuti, "Mwadziwa bwanji? Timagudumu sitioneka tili pansi pano."

Chikwama chija chinali paphewa pa amalume. Ndinawaona akuchigwira. Anayang'ana ine, n'kuchisiya osachitsegula.

Anyamata awiri, mmodzi wongokwatira kumene, anali atagwira kale mpiringidzo. Amalume, munthu amene sanamenyepo ngakhale galu, anawakankha mwamphamvu mpaka wina anagwa chagada. "Chokani apa! Chitseko ichi n'changa." Anthu anaseka, ena nati mkuluyu akufuna kutchuka. Anauza aliyense kuti aime patali, ine anandilozera kumtengo kuja. Ndinangosuntha mapazi ochepa.

Anagogoda mpiringidzo ndi mwala mpaka unamasuka. Anaika phewa, nakankha pang'onopang'ono, dzanja lina likuyesa kunyamula mbali yopanda mwendo. Chitseko chinayenda utali wa mkono umodzi, ndipo ndinaomba m'manja. Kenako chinapendekeka, matumba a m'kati anachikankha, ndipo kagudumu kotsala kaja kanadumpha kanjanji.

Phokosolo sindingalifotokoze. Chimene ndimaona mpaka lero ndi feteleza woyera ngati mchere akukhuthukira m'matope ofiira, ndi amalume akuoneka kuyambira m'chiuno kupita kumutu kokha. Panafunika amuna asanu ndi atatu kuti atukule chitseko chimene chinawagwera. Ine ndinangoima, kapepala kanga kali m'manja. Amalume sanalire. Ankangofunsa mobwerezabwereza kuti, "Pali wina? Chapsinja wina?" Atawauza kuti palibe, anatseka maso.

Anthu anati bogiyo inali yakale, kagudumu kanagwera m'njira. Ena anati pali anzawo a nsanje amene anawachita. Aphunzitsi anabwera kudzazonda amayi, anayang'ana mitengo iwiri ya pachitsime nthawi yaitali, kenako anapita.

Amalume anatuluka m'chipatala mu Febuluwale, atanyamulidwa. Sanayendenso. Ankakhala pamphasa pakhonde, pamalo pamene ukakweza maso umaona amayi atawerama pachitsime. Tsiku lina ndikusesa ndinapeza chikwama chija kuseri kwa chitseko, kagudumu kali momwemo. Ndinathamanga nako n'kukawaika pamiyendo yawo yosamva kanthu ija.

"Amalume, bogi ija ilibenso chitseko, sikufunanso kagudumuka. Tikabwezeretse pachitsime, amayi apume."

Anakatembenuza m'manja kanthawi, chala chikuyenda m'kangalande kaja. Amayi anali atasiya chingwe, ndowa inagwera pansi m'madzi, koma sanacheuke. Kenako amalume anandibwezera nati, "Kasunge, mwana wa mlongo wanga. Pachitsime ayi."

Amayi anatunga ndi manja mpaka msana unawapinda. Ine ndinalira tsiku limenelo, koma osati chifukwa cha miyendo ya amalume. Ndinalira ndi mkwiyo, chifukwa sindinkamvetsa kuti anthu akuluakulu awiri angakane bwanji kachitsulo kabwinobwino, kosathyoka paliponse, kamene kanangotithandiza kutunga madzi.