Gitala Imene Ababa Anasinthanitsa

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene dzanja lamanzere la ababa linasiya kuwamvera. Anagwa m'munda wa nandolo kuseri kwa nyumba yathu ku Milepa, ndipo atabwerako kuchipatala cha pa Boma, pakamwa panali patakhota pang'ono, mwendo akuukoka, zala zitapindika ngati za munthu amene wafumbata kanthu. Adokotala anati ndi sitiroko. Anthu a m'mudzi ananena zawo. Ife panyumba tinangodziwa chinthu chimodzi, chakuti ababa sadzaimbanso gitala.

Ababa, a Waisoni Makwinja, anali woimba. Paunyamata wawo anaimba m'mabandi a m'mahotela ku Blantyre ndi ku Limbe, ndipo atatopa ndi moyo wa m'tauni anabwerera kumudzi ndi mkazi, ana awiri ndi gitala imodzi. Munda wathu unali waung'ono monga minda yambiri ya ku Chiradzulu, moti chimanga chinkatha mvula isanayambe n'komwe. Chimene chinkatiolotsa miyezi ya njala chinali kabandi kawo, koimba m'maukwati, m'zinkhoswe ndi pa misonkhano ya mpingo. Ankanyamula zida pa njinga za kabaza, pamodzi ndi batire ya galimoto yoyendetsera ampu, kabokosi kokuzira mawu kaja.

Gitalayo inali yamagetsi, yakuda, yopangidwa ku Amereka, ya dzina lija oimba amati akalitchula n'kugwedeza mutu. Ababa anaipeza kwa mzungu wina amene ankaimba naye pahotela, yemwe pobwerera kwawo anawasiyira mwaubale. Inali yolemera ngati mtondo waung'ono. Khosi lake linali lonenepa, lodzaza chikhatho cha munthu wamkulu, ndipo penti anali atasupuka pamalo pamene mkono wa ababa unkakhuzapo. Koma mawu ake! Anali okhuthala, akuya. Ukakhudza waya umodzi, mawuwo ankakhalitsa m'nyumba mpaka amayi kusiya kupeta kuti amvetsere pamene athere.

Mchimwene wanga Yohane analibe nazo chidwi zoimba. Mtima wake unali pa mpira. Ine ndi amene ndinkakhala pamapazi a ababa. Anayamba kundiphunzitsa ndili wamng'ono kwambiri, nditakhala pamkeka, gitala ili pamiyendo ngati mwana wa eni amene wandikulira. Choncho ababa atadwala, anzawo a m'bandi anabwera kudzawazonda, ndipo atamaliza kupepesa anafika pa nkhani imene anadzera. Anati popanda gitala yotsogolera palibe amene angawaitane. Ababa anandiloza ndi dzanja lawo labwino lija.

"Esinati aimba," anatero movutikira, lilime likulemera.

Ukwati wanga woyamba unali ku Mbombwe, mwezi wa Okutobala, pansi pa chisakasa cha udzu chimene chinkalowetsa dzuwa paliponse. Kumeneko ndinaphunzira kuti kuimba utakhala pamkeka n'kosiyana ndi kuimba utaimirira. Lamba wa gitala anandidula phewa. Chala chaching'ono sichinkafika pamene chinkafunika, ndipo ndikachikakamiza, dzanja lonse linkagwira dzanzi. Pa nthawi ya perekaniperekani, pamene nyimbo siyenera kuduka chifukwa anthu akuvina ndi kuponya ndalama m'lichero, zala zanga zinangouma. Ndinakhala pansi pa fumbi, gitala ili pachifuwa, ndikulira mopanda mawu. Woimba besi ndi wa ng'oma anapitiriza okha, nyimbo ili mbee ngati ndiwo zopanda mchere. Ndinamva mayi wina wa kuchimuna akufunsa kuti kodi anthu akuluakulu anatha ku Milepa. Ababa anali pampando m'mbali mwa chisakasa, ndodo ili pakati pa miyendo. Anaona zonse. Usiku umenewo amayi anandithowa phewa ndi madzi otentha, litatupa.

Loweruka lotsatira ababa anandidzutsa m'mamawa n'kundiuza kuti ndipukute gitala, ndiiike m'bokosi lake. Tinapita pa Boma. Kumeneko kunali a Nampinga, mnzawo wakale wa m'mahotela, amene anali ndi kashopu kokonzera mawailesi kuseri kwa msika. Munali fungo la mtovu wosungunula ndi fumbi la zinthu zakale. A Nampinga anali ndi gitala yawo imene mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Joni: yofiira, yopangidwa ku Japani, nayonso ya dzina lodziwika, osati zachinyengo za m'misika zija. Koma aliyense wodziwa za magitala akanakuuzani kuti pamtengo inali mng'ono wake wa kutali wa yakuda ija. Ndipo panalibe amene sankadziwa kuti a Nampinga akhala akuisirira gitala ya ababa kuyambira ali anyamata.

Ababa anandiuza kuti ndiimirire, ndiimbe nyimbo imodzi yomweyo pa magitala onse awiri, pa ampu imodzi. Ndinayamba ndi yathu. M'kashopu kaja, ndi magetsi enieni osati batire yotopa, inalira mokoma kuposa mmene ndinaimverapo. A Nampinga anatseka maso. Anyamata a kabaza amene anali panja anabwera kudzasuzumira pakhomo.

Kenako ndinavala yofiira ija. Ndinadzidzimuka ndi kupepuka kwake, ngati munthu amene wanyamula ndowa akuyesa kuti muli madzi. Khosi lake linali lopyapyala, losalala, mawaya ali pafupi ndi thabwa moti sindinkafunika kufinya. Chala chaching'ono chinafika chokha. Mawu ake anali owala, akuthwa, othamanga. Ankatuluka msanga n'kuthanso msanga. Sanali oipa. Koma sanali aja.

"Wamva bwanji?" ababa anafunsa.

Ndinanena zoona. Ndinati yathu ndi imene ikulira bwino.

"Makutu ayankha. Nanga phewa? Nanga zala?"

Ndinayamba kuona kumene nkhani inkapita. Anandiuza kuti ndiimbebe yofiirayo osasiya, ndipo ndinaimba nyimbo zonse zimene ndinkadziwa, ina pambuyo pa inzake, mpaka thukuta linanyowetsa bulauzi. Dzanja silinaume.

A Nampinga sanali munthu wakuba. Ababa atawauza chimene anadzera, chakuti asinthane magitala, iwo anavula magalasi awo n'kuyamba kuwapukuta.

"Achimwene, inu mukudziwa kuti izi sizilingana," anatero. "Mawa anthu adzati ndinadyera munthu wodwala."

"Ndikudziwa. Muonjezerepo ka ampu kanuka."

"Bwanji mungobwereka yofiirayi? Mwana akakula mudzabweza."

"Chobwereka sichilimba mtima poimba. Ndipo inu mudzaifuna tsiku limene ife tili ndi ukwati."

Anagwirana chanza. Ababa anatsegula bokosi, n'kuyendetsa chala chachikulu cha dzanja lamanja pa mawaya onse kamodzi, gitala isanalumikizidwe, kaphokoso kake kakang'ono ngati ka udzudzu. Kenako anatseka okha n'kutuluka panja kukadikira kabaza, osayang'ananso m'mbuyo.

Amayi atamva anakhala pansi pakhonde ngati alandira uthenga wa maliro. Iwo sankadziwa kusiyana kwa mawu a magitala, koma anakhalapo m'tauni, ndipo anamvapo anthu akuwanyengerera ababa kuti agulitse.

"Mwasinthanitsa ng'ombe ndi mbuzi," anatero. "Chinthu chimodzi chokha chimene tinali nacho m'nyumba muno."

"Ng'ombe imeneyo ikanamuthyola mwanayu," ababa anayankha. "Kapena tikanaigulitsa, n'kudya, n'kutha. Nanga chaka chamawa?"

Sanakanganenso pamaso pathu, koma nkhaniyo sinatuluke m'nyumba. Inkabwera feteleza akavuta, inkabwera denga likadontha.

Ine ndinaimba. Poyamba anthu ankatiitana kuti adzaone kamtsikana konyamula gitala yofiira, kenako ankatiitana chifukwa tinkaimba bwino. Ndinazindikiranso kuti panja, pansi pa zisakasa, pakati pa phokoso la ana ndi nthungululu, mawu akuthwa aja ankapyoza n'kufika kwa anthu a kumbuyo, pamene mawu okhuthala a yakuda ija nthawi zina ankamira m'besi. Ababa ankandiperekeza pamene thupi lawalola, n'kumandiuza pobwerera pamene ndinathamanga ndi pamene ndinachedwa. Sankayamikira kawirikawiri. Panyumba sitinagone ndi njala, ndipo Yohane anapitiriza sukulu.

Koma ndisaname kuti zonse zinali zokoma. Gitala imene inandikwana ija ndi imenenso inanditsekera njira zina. Anzanga akamasewera fulaye Loweruka, ine ndinali pa kabaza, bokosi lili pamiyendo, fumbi m'maso. Lolemba ndinkasinza m'kalasi mpaka aphunzitsi anatopa kundidzutsa. Ndinalekezera Fomu 2. Nthawi zina ndimadzifunsa kuti gitala ija ikanapanda kundikwana, kodi bwenzi ndili namwino kapena mphunzitsi ngati anzanga ena? Mwina bwenzi nditangokwatiwa msanga chifukwa cha njala. Palibe amene angandiuze.

Patapita zaka, a Nampinga anagulitsa gitala yakuda ija kwa munthu wina wochokera kunja amene ankasakasaka magitala akale a dzina limenelo. Akuti kusupuka kwa penti kuja, kumene ine ndinkakuona ngati chilema, n'kumene kunamusangalatsa kwambiri. Sindinafunse kuti anapereka zingati, koma tonse tinaona nyumba ya njerwa zootcha ndi malata atsopano imene inamera pafupi ndi msewu wa pa Boma. A Nampinga anabwera okha kudzawauza ababa, atanyamula thumba la ufa ndi bulangete, manyazi ali pankhope. Ababa anamvetsera, kenako anangofunsa kuti, "Munthuyo amaimba, kapena akukaipachika pakhoma?" A Nampinga sankadziwa.

Ababa anamwalira chaka chotsatira. Amayi anakhalabe nthawi yaitali, ndipo nthawi iliyonse tikamadutsa pa Boma pa minibasi, ankandigwira bondo n'kuloza pawindo.

"Iyo gitala ya abambo ako," ankatero. "Taona mazenera ake."

Lero ndimakhala ku Limbe. Ndimaimbabe m'maukwati, ndipo pakati pa sabata ndimaphunzitsa achinyamata a kutchalitchi. M'zaka zonsezi manja anga agwirako magitala ambiri a eni ake, a mayina onse akuluakulu. Ena ndi olemera, a mawu onona, oyenera nyimbo zodekha. Ena amalira ngati belu. Ena khosi lake limakuthamangitsa ngakhale usakufuna kuthamanga. Ndinagwirako ina yodula kwambiri imene inali yozizira m'manja ngati chitsulo cha pachipata, ndi ina yotchipirapo imene sindinafune kubweza. Anyamata amabwera ndi zithunzi pafoni, maso akuwala, n'kumandifunsa kuti, "Anti, mwa awa abwino kwambiri ndi ati?" Funso limeneli landitopetsa. Amafuna ndiwatchulire dzina limodzi kuti akagone nalo. Ndikawafunsa kuti akaimbira kuti, ndipo akaimirira nthawi yaitali bwanji, amaona ngati ndikuzemba.

Yofiira ija ndikadali nayo, ngakhale kuti pafupifupi chilichonse pa iyo chinasinthidwapo. Palibe munthu wakunja amene adzabwere kudzaifuna. Ikadzatha idzangotha.

Kwa zaka zambiri ndinkafuna kudziwa amene analondola pakati pa makolo anga. Ndili mtsikana ndinali mbali ya ababa, chifukwa nkhani yawo inali yokoma kuikamba. Nditabereka ana anga, n'kuyamba kudziwa kuwawa kwa lendi, ndinayamba kuwamvetsa amayi: nyumba ya a Nampinga ija inali yeniyeni, ndipo iwo anakalambira m'nyumba yodontha. Panopa ndinasiya kuweruza. Ababa sanapusitsidwe, ankadziwa bwino lomwe chimene anasiya m'kashopu kaja, kuposa munthu wina aliyense m'boma lonse la Chiradzulu. Chimene ndamvetsa mochedwa n'chakuti tsiku lija sankasankha gitala yabwino pakati pa ziwiri, monga amachitira anthu amene ali ndi zambiri. Panjira iliyonse panali chotayika: nyumba, sukulu yanga, chakudya cha chaka chamawa, kapena chinthu chimene iwo ankachikonda. Mmphawi sasankha chimene apeze, amasankha chimene ataye. Ababa anayamba n'kutaya chawo.