Chilimwe Chimene Tinkamiza Mawotchi

Pansi pa bedi la amalume panali chitini cha mkaka wa ufa, ndipo m'chitinimo munkakhala mawotchi amene anamwapo madzi. Ena anali atafa, ena akupumabe, iliyonse ikunena nthawi yakeyake. Ukachitsegula umamva ngati chiswe chikudya mzati. Fungo lake linali la dzimbiri ndi lamba wonyowa. Chitini chimenecho ndimachiona bwino mpaka lero, kuposa nkhope ya bambo anga, amene zaka zimenezo anali ku Joni.

Ndisanapite patali ndiyambe ndatchula mboni, chifukwa anthu amati ndikamakamba nkhani ndimathira mchere wambiri. Mboni ndili nazo zinayi. Amayi alipo, kumudzi kwa Kanduku, kungoti nkhaniyi mukaiyamba amadzuka kukayang'ana mbuzi. Aphunzitsi anga a Sitandade 5 anaona ndi maso awo, koma anatisiya kalekale. Amalume ali kutsidya kwa malire ndipo foni sayankha. Wachinayi ndi mng'ono wanga. Iyeyu ndiye anali pakati penipeni, koma mukamufunsa angokumwetulirani basi. Ndiye mwaona nokha kuti mboni zanga n'zolimba, palibe ndi imodzi yomwe imene inganditsutse.

Amalume, mchimwene wawo wa amayi, ndiwo anali eni mbumba pathu. Ankagulitsa mawotchi pa boma la Mwanza ndi pa chipata cha malire, pamene mathiraki amandandana kudikira mapepala. Mawotchiwo anali ndi mayina a anthu olemera a kunja, koma golide wake ankasuluka ukangomuyang'anitsitsa. Ankawamanga m'kati mwa jekete, mizere itatu mbali iyi, itatu mbali iyo, ndipo jeketelo sankavula ngakhale dzuwa la Okutobala likuphulitsa nyemba m'munda. Eni akewo sankavala wotchi. Nthawi ankafunsa anthu odutsa.

Sananamizepo munthu kuti katundu wawo ndi orijino. Madalaivala ankadziwa, ndipo funso lawo linali limodzi: kodi imalowa madzi? Kumbuyo kwa wotchi iliyonse kunalembedwa kuti siopa madzi, ndiye amalume ankangowawerengera zolembedwazo. Zinayenda choncho mpaka dalaivala wina wa ku Tete atabwerera ndi wotchi imene inachita nkhungu m'galasi atangosamba m'manja. Mbama imene anawapatsa amalume inamvekera ku Thambani, ndikulumbira, amayi anali pamsika akusankha tomato ndipo anatembenuka.

Amalume anafika kumudzi tsaya litatupa ngati dzungu, nanena mawu amene ankawabwereza chilimwe chonsecho: “Wotchi ikhale yabodza, koma pakamwa panga ayi.” Kuyambira tsiku limenelo, wotchi iliyonse inkayamba yasamba isanapite pamsika.

Poyamba ankaziviika m'ndowa. Kenako anati ndowa imanyengerera, madzi ake ndi aulemu, sakankha. Wotchi yoti munthu aitsimikizire iyenera kutsika pansi pamene makutu amawawa. Mtsinje wathu unali utaphwa, mchenga wokhawokha wotentha kumapazi, koma pansi pa mkuyu panatsala dziwe lakuya, lozizira, loyera moti umaona timiyala ta pansi. Cha pansi penipeni panali muzu wa mkuyuwo, wokula ngati ntchafu ya munthu. Lamulo linali ili: amalume akumanga wotchi pamkono, udikira kamuvi ka masekondi kafike pamwamba, utsika, ukoloweka mkono pa muzu kuti madzi asakukweze, ndipo uyang'ana kamuviko mpaka kazungulire kamodzi. Kakabwerera pamwamba, nawe uvuuka. Malipiro anali mkate wa ku Zobwe uja tinkati pawu, wa khungu lolimba, umodzi pa wotchi zitatu.

Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi ndipo mapapo anga anali a ng'ona. Tsiku lina ndinakhala pansi nthawi yaitali moti nsomba ina inandifunsa ngati ndasamukira komweko. Sindikuwonjezera. Mng'ono wanga anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, mwana wolongolola kuyambira tambala mpaka mbuzi kulowa m'khola, koma womvera mochititsa mantha. Ukamuuza kuti ima apa, umamupeza pomwepo ngakhale linthumbu zikumukwera. Iyeyo amalume ankamulola wotchi imodzi yokha patsiku, ndipo nthawi zonse ankavuuka maso ali psuu, akuseka, akufunsa ngati wakwanitsa.

Wotchi ikavuuka galasi lili mbee, inkalowa m'jekete, ndipo amalume ankaigulitsa atagwira pamtima. Ikachita nkhungu ankaitsegula ndi kampeni, kuiyanika pa malata a khola, ndipo ikadzukanso ankaidontheza kumbuyo kadontho kofiira ka penti wa m'zikhadabo, n'kuiponya m'chitini chija. Zimenezo ankati za Lamlungu. Ankazigulitsa motchipa kwa anthu olonjeza kuti azivula posamba ndi pothawa mvula. Aphunzitsi anagula imodzi yotero. M'mawa uliwonse ankaivula pang'onopang'ono, kuiyala patebulo, kalasi yonse ili zii, ngati akuyala mwana wakhanda.

Lero ndikaganiza ndimaona kuti poyambira pake panali pomwepo. Sindinkafuna kudziwa nthawi. Kwathu nthawi inkadziwika ndi mthunzi wa nkhokwe. Ndinkangofuna tsiku limodzi ndilowe m'kalasi muja, ndikande pamutu ndi dzanja lamanzere, wotchi ili pamkono, anthu aone.

Pakati pa Okutobala panabwera mawotchi a mtundu wina, agolide, nkhope yake yabuluu ngati khosi la njiwa. Yoyamba inalephera mayeso. Kamuvi kake kanaima madzi atangolowa, ine ndili pansi, ndipo ndinadziwa ndi chifuwa changa kuti nthawi yakwana, n'kuvuuka. Itauma inayambanso kuyenda, inalandira kadontho kake, inalowa m'chitini. Loweruka lotsatira amalume anabwera ndi inzake, yofanana nayo ngati mapasa, nandituma kuti ndiitenge pabedi popita kudziwe. M'nyumbamo ndinali ndekha. Yatsopanoyo ndinaibisa m'denga la udzu, yam'chitini ndinaiika m'thumba. Nzeru yanga inali yakuti ikachitanso nkhungu, amalume aziti yatsopanoyo nayonso ndi ya Lamlungu, aiponya m'chitini, ndipo nkhani yatha. Kadontho kanali kumbuyo, mbali yogunda khungu. Ndipo kuti asandikayikire, ndinaganiza kuti isatsike ndi ine.

Titafika kudziwe ndinamumanga ndekha mng'ono wanga, ndikukoka lamba mpaka boo lomaliza chifukwa kamkono kake kanali ngati bango. Amalume anali pamwala, ataweramira wotchi ina imene inakana kutseguka. Anangoti, “Mwamanga bwino?” osadzutsa mutu. Ine ndinamunong'oneza mwanayo kuti iyi ndi yodula kuposa zonse, asavuuke kamuvi kasanafike pamwamba, akavuuka msanga pawu palibe ndipo ndikauza anzake kusukulu. Anati, “Chabwino achimwene.” Anakoka mpweya, masaya tuu, natsika.

Ndinkamuona bwinobwino. Mkono wina pa muzu, wina pamaso, mapazi ake oyera akugwedezeka pang'ono. Timathovu tiwiri titatu tinakwera. Mumtengo nyenje zinkalira moboola makutu. Ine ndinkawerenga chamumtima monga ndinkachitira nthawi zonse, ndipo nditafika pa sikisite ndinadziwa chimene chachitika. Kamuvi kaima, ndipo iye akukadikira.

Apa ndiye pamene ndimasiya nthabwala, ngakhale ndikamakamba pa bawo. Ndinadziwa, koma sindinalankhule. Kunena kuti wotchiyo imaima m'madzi kunali kudziulula. Ndinadziuza kuti chifuwa chimukweza chokha monga chinandikwezera ine. Ndinawerenganso khumi. Ndinawerenganso khumi ena. Mapazi aja anasiya kugwedezeka.

Amene anafunsa ndi amalume. Anadzutsa mutu n'kuti, “Kodi mwana uja?” Sanadikire yankho. Analumphira m'dziwe ndi nsapato, ndi jekete, ndi katundu yense wa mwezi umenewo. Tsiku limenelo mawotchi onse anayesedwa nthawi imodzi, ndipo amene anapambana anali asanu. Mkono wa mwanayo unali utakola pa muzu monga tinamuphunzitsira, moti amalume anachita kutsika kawiri.

Aphunzitsi ankadutsa pa njinga kuchokera kumsika, ndipo anamva kukuwa kumene mpaka lero sindidziwa ngati kunali kwanga. Anamugoneka pamchenga, kumukanikiza pachifuwa, kumuuzira mpweya m'kamwa. Milomo yake inali ngati ya munthu wadya nthudza. Patapita nthawi imene palibe wotchi inaiwerenga, madzi anatuluka, mwanayo anakoka mpweya ndi phokoso ngati la chitseko chadzimbiri. Aphunzitsi akukonza njinga kuti amunyamule, amalume anagwada n'kumasula wotchi ija pamkono. Galasi linali loyera ndi nkhungu. Anaitembenuza, naona kadontho kofiira kaja. Anandiyang'ana kamodzi, kanthawi kokoka mpweya umodzi, kenako anailowetsa m'thumba la thalauza n'kunyamula mwana.

Anamutengera ku chipatala cha ku Thambani, kumeneko anamutumiza ku boma. Anakhalako milungu iwiri. Anabwera akuyenda yekha, anthu n'kumathokoza Mulungu, koma mwana wolongolola uja sanabwere nawo. Amene anabwera ankafunafuna mawu ngati munthu wofuna singano m'udzu, akapeza limodzi n'kumwetulira. Sukulu anayesa teremu imodzi. Lero ndi bambo wa imvi m'ndevu, amaweta mbuzi za amayi, ndipo mbuzi zimamumvera kuposa mmene zimamvera aliyense. Ndikafika kumudzi amathamanga kudzandilandira chikwama. Amati achimwene abwera. Palibe tsiku anandiyang'anapo molakwika, ndipo chimenecho ndicho chimandilepheretsa kudya.

Abale atasonkhana pansi pa mango kuti amve mmene zinayendera, ine ndinakhala kumbuyo kwa amayi. Amalume anaimirira atavula chipewa. Ananena kuti wotchiyo anasankha ndi iwo, anamanga ndi iwo, ndipo amene anauza mwana kuti asavuuke msanga ndi iwo. Ananena mosadodoma, munthu amene chilimwe chonse ankalumbira kuti pakamwa pake sipatuluka bodza. Amayi sanakalipe. Anangoti, “Achimwene, ana awa mumati ndi anu.” Kuyambira pamenepo mbale ya amalume sinatulukenso m'nyumba mwathu. Pamaliro, pa zinkhoswe, pa milandu ya malire a munda, anthu anayamba kuitana amalume aang'ono a kumudzi wina. Pa boma anayesa kugulitsabe, koma nkhani inali itafika kale pa chipata, madalaivala n'kumawafunsa kuti iyi mwaiyesa ndi mwana wa ndani.

Wotchi yatsopano ija sindinaivale ndi tsiku limodzi lomwe. Ndinaitulutsa m'denga n'kuikwirira kuseri kwa khola. Mukhulupirire musakhulupirire, ndinkaimva ikugunda pansi pa dothi, masana dzuwa lili pamutu, mbuzi zili kubusa. Batire la wotchi yotero silitha chaka. Ija inagunda mpaka ndinamaliza sekondale.

Amalume anachoka mvula yoyamba itagwa, dothi likununkha, ngumbi zikuuluka. Palibe wamkulu anawaperekeza. Ananditana ine kuti ndiwanyamulire kachikwama mpaka pamsewu podikira pikapu. Jekete anali atavala, koma linali lopepuka, likungouluzika ndi mphepo. Galimoto itaonekera patali ndi fumbi lake lonyowa, anagwada kuti maso athu alingane, nandigwira paphewa.

“Wotchi ija ndinaitaya kumene munthu sangaione,” anatero. “Wamva? Palibe adzaione. Iwe uzipita kusukulu, uzimusamala mng'ono wako.”

Ine ndinati, “Pepani amalume, mwaluza katundu.”

Anaseka pang'ono, kuseka kotulukira m'mphuno, nandisisita pamutu. Anakwera kumbuyo pakati pa matumba a mtedza, ndipo sanatembenuke.

Ndinabwerera kumudzi ndikudumpha timadzi ta m'njira, mtima utapepuka koyamba m'milungu yonseyo. Ndinkati ndapulumuka chifukwa amalume ndi munthu wosaona bwino, ndipo akudandaula za wotchi yawo yagolide. Ndinkati akupita ku Mozambiki chifukwa malonda avuta. Mutu wanga wa zaka khumi ndi chimodzi unali usanadziwe kuti munthu wamkulu akhoza kutola mlandu wa mwana, kuuika m'thumba la thalauza, n'kuwoloka nawo malire kuti mayi asataye ana awiri chilimwe chimodzi.