Kumene Amuna Anga Ankakhuta

Ndinanyamuka kwathu ku Matundo Loweruka m'mawa ndisanayatse n'komwe mbaula, chitenje changa cha kapulana nditamanga zolimba ngati wopita kolima. Nkhani inali iyi. Amuna anga, bambo a Lurdesi, chiyambireni ntchito yoyendetsa galimoto ya amisiri a ku migodi ya malasha ku Moatize, madzulo ankafika atakhuta. Ndikawaikira chakudya ankangotsina kawiri n'kusamba m'manja. Ndikafunsa, ati, "Ndadya kwa Mmwenye ku sidade." Ine Mmwenye ndinkamudziwa pogulitsa nsalu ndi misomali, koma wophikira amuna a eni ake ndinali ndisanamumvepo. Mtima unkandiuza kuti tsidya la Zambezi, kusidadeko, m'tauni ya Tete, kuli mkazi mnzanga, ndipo ine sindinachoke ku Angonia kudzalandidwa banja ndili maso.

Chapa, minibasi yathu ija, ndinakwera ya dezi metikali, ndiye kuti mametikali khumi. Kobradoro, wotolera ndalama uja, anatipanikiza mpaka mpweya tinkachita kubwerekana.

"Mayi, pindani miyendo alowe wina."

"Ndiipinde ndiike m'thumba?"

Pa mlatho tinaima. Masiku amenewo malole onyamula zitsulo za ku migodi ankandanda mpaka kutali, ndipo magalimoto ankawoloka mosinthana, mbali ino kenako mbali inayo. Bambo wina wa jombo za ku mgodi, amene chigongono chake chinali m'nthiti mwanga, anandifunsa kumene ndinkapita.

"Kukaona wodwala," ndinatero.

"Pepani. Akudwala chiyani?"

"Sanayambe. Ayamba ine ndikafika."

Chigongono chija anachichotsa.

Ndinatsikira pafupi ndi merkado, msika wa m'tauni, dzuwa litayamba kale kuluma, lija la ku Tete losadziwa m'bale. Mayi wina wogulitsa kreditu ya foni atamva zimene ndinkafuna anaseka. "Kwa madala a nduwira? Khotani apo, kwinako mphuno ikutsogolerani." Sananame. Fungo la anyezi wokazinga linandichingamira ndisanaone chitseko.

Kasitoloko kanali kakang'ono. M'kabati ya galasi munali zotsekemera zoyera, zobiriwira, ndi zina zofiirira zopiringizana ngati koyilo wa udzudzu. Kuseri kwake kunaima nkhalamba ya ndevu zoyera, nduwira kumutu. Ine maso sanali pa zakudya. Ndinkasuzumira kuseri kwa katani.

"Amaphika ndani muno?" ndinafunsa m'Chipwitikizi changa chothyokathyoka.

Iwo, m'chawo chothyoka kuposa changa, anati, "Bwerani muone." Atakoka katani ndinamuona mkazi mnzanga uja: wakuda bii, wotambalala, atakhala pamoto. Chinali chiwaya chachikulu choti mwana n'kusambiramo, ndipo pambali pake panali mng'ono wawo wa madalawo, thukuta kamukamu, akuponyamo timibulu ta ufa. Munalibe mkazi ngakhale wa pa kalendala.

Komabe sindinagonje. Ndinafunsa ngati amamudziwa dalaivala wina wamtali, wa mpata m'mano.

"Motorista wathu uja!" Nkhalamba inawomba m'manja. "Anabwera koyamba atatumidwa ndi mabwana ake, anthu akwathu ku Punjabi. Tsopano amadzituma yekha. Amadyera pakhomo pomwepo, choimirira. Ndimamuuza kuti tengerako ana, amakana. Akuti mkazi wake amakazinga bajiya zogulitsa, ndiye akalowa nazo izi m'nyumba, nkhondo."

Ndinamva zinthu ziwiri nthawi imodzi. Mtima unatsika pansi, myaa, mpaka misozi inalengeza. Koma manyazi anandigwiranso, ndi kansanje kena katsopano. Bajiya zanga za ufa wa khobwe ku Matundo zimatha dzuwa lisanafike pamutu. Ndiye ziposedwe ndi za bambo wa ndevu?

"Ndipatseni zimene amadyazo," ndinatero.

Anandiikira papepala zimene ankazitchula kuti pakora, ndi samusa imodzi, ndi kamsuzi kobiriwira. Pakora ndi msuweni wake wa bajiya, kungoti ufa wake ndi wa tchana ndipo mkati muli anyezi ndi masamba. Nditaluma inalira khrrr, mkati mofewa. Ndinkafuna ndiipeze chifukwa, koma chinasowa. Kamsuzi kaja ndinakaderera, ndinkati ndi ndiwo zamasamba, ndiye ndinasunsa mosaumira. Mayo ine, tsabola wake, makutu anatseguka onse awiri. Nkhalamba inandipatsa msanga koyilo wofiirira uja, ati dzina lake jalebi, ndipo madzi a shuga anandiyenderera mpaka m'chigongono.

"Ndinu mkazi wake, eti?" anafunsa akumwetulira.

"Ndine mlongo wake," ndinanama, pakamwa pali todzaza.

Ndinagula za sinkwenta, mametikali makumi asanu, zoti ndikagawire ana, n'kukwera chapa yobwerera masana. Pa mlatho tinaimanso, phukusi lili pamiyendo, likundifunditsa ndi kundinunkhirira. Ndinati ndingotengapo imodzi lisazizire pachabe. Malole anali ambiri tsiku limenelo. Pofika ku Matundo ndinatsika ndi pepala la mafuta lokhalokha, ndipo m'pamene ndinamvetsa kuti munthu akhoza kukhuta kunja popanda womukodola.

Madzulo ndinaphika monga mwa masiku onse. Titakhala pamphasa ndinatsina kawiri n'kusamba m'manja. Bambo a Lurdesi anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mayi a Lurdesi, mwadya kuti?"

Ndinatulutsa pepala lija n'kuliyala patsogolo pawo. Analinunkhiza, nawerama ngati mwana wogwidwa ndi shuga kukamwa.

"Lolemba mubwere nazo za tonse, ndi kamsuzi komwe," ndinatero. "Koma mukadzangoyerekeza kuuza ogula anga kuti zimaposa bajiya zanga, mudzatenge mphasa mukagone pafupi ndi chiwaya chanucho."